Tisamathamangire kufomata hadi disiki chifukwa choti TV yakana kuiwerenga

Akonzi,

Zikomo pondipatsako kampata mu nyuzi yanu. Ine ntchito yanga ndi yojambula mavidiyo a maukwati, zinkhoswe, makwaya, pena ndi maliro omwe achibale akafuna, nde nkhani ndikulembayi ndimakumana nayo pafupipafupi ndipo imandiwawa mumtima. Anthu akutaya zinthu zoti sizingabwerenso chifukwa cha liwu limodzi lokha loti fomata. Munthu wasomeka eksitenolo yake, hadi disiki yoyenda nayo ija, pa pulazima kuti banja lonse lionere ukwati, TV yangokhala duu osaonetsa kanthu, mawa lake wanyamula ulendo wa kumsika kwa anyamata obena nyimbo ndi mafilimu aja, mnyamata osafunsa nkomwe kuti muli chani umu, wangoti iyi ikufunika kuifomata bwana, wadina, mphindi imodzi sinakwane zonse zapita. Mayi ena anabwera kwa ine akugwetsa misozi, mu hadi disiki mwawo munali zithunzi za malemu amuna awo, mavidiyo a ana ali makanda, ndi mapepala a kuntchito a zaka zambirimbiri, zonsezo zinafufutidwa kuti filimu imodzi ionekere pa TV, ndipo chopweteka kwambiri nchoti atafika nayo kunyumba TV ija inakanabe, chifukwa vuto silinali limenelo.

Sindikunyoza anyamata akumsikawa ayi, ambiri ndi akhama ndipo akudyetsa mabanja ndi kalaputopu kamodzi. Koma chizolowezi chotenga kufomata ngati mankhwala oyamba a vuto lililonse chikuyenera kutha. Kufomata kukhale komalizira, zina zonse zitayesedwa, ndipo katundu wa mwini wake atakoperedwa kaye pena.

Choyamba chomwe anthu sachiganizira ndi magetsi. Eksitenolo zing'onozing'ono zolowa mthumba zija, za mainchesi 2.5, zilibe adaputa yakeyake, zimadya moto wa pa USB pomwepo, ndipo mkati mwake muli kambale kozungulira komwe kamafuna mphamvu ndithu makamaka poyamba kuzungulira. Kabowo ka USB 2.0 mwalamulo lake kamapereka moto wa 500 mA basi, pomwe USB 3.0 imapereka 900 mA. Flashi imakhutira ndi pang'ono, nchifukwa chake mumaona flashi ikuwerengeka bwinobwino pa TV yomweyo koma eksitenolo ikungophethira kagetsi, kapena ikumveka kuti tiki tiki tiki mkati, kuzima kuyakanso. Pamenepo olo muifomate kakhumi palibe chingasinthe, ili ndi njala ya moto. Yang'anani kumbuyo kwa TV, ma TV ambiri monga a Samsung amakhala ndi kabowo kamodzi kolembedwa HDD pambali pake, kameneko ndi kamene kamapereka moto wochulukirapo, somekani pamenepo. Ngati kulibe, pali zingwe za mitu iwiri zomwe zimakoka moto m'mabowo awiri nthawi imodzi, kapena kabokosi ka USB kokhala ndi adaputa yake kosomeka kukhoma. Ndipo chingwe chenichenicho muchikayikirenso, zingwe zazitali zotchipa zimataya moto panjira, kachingwe kafupi kaja kanabwera nayo mubokosi ndi kamene kali bwino. Mukaimva ikulira tiki tiki musaisiye pompo nthawi yaitali, izuleni.

Tsopano ngati ikuzungulira bwino koma TV ikuti palibe chomwe yaona, apo nde tikhoza kuyamba kukamba za fomati. Ndifotokoze mmene ndimawafotokozera makasitomala anga. Hadi disiki ili ngati nyumba yosungiramo katundu yomwe pakhomo pake pali kaundula wolemba kuti thumba lakuti lili pakona yakuti. FAT32, NTFS, exFAT ndi kalembedwe ka kaundulayo basi. TV ikakhala kuti sidziwa kuwerenga kalembedwe kameneko imangoona ngati mulibe kanthu, chonsecho katundu ali momwemo ali bwinobwino. Ndipo kufomata ndi kung'amba kaundula uja nkuika watsopano wopanda cholembedwa. Nde musanang'ambe dziwani kaye kuti panopa walembedwa motani komanso TV yanu imawerenga uti. Pa kompyuta ya Windows nkosavuta, tsegulani This PC, dinani kumanja pa disikiyo, sankhani Properties, pomwepo palembedwa File system.

FAT32 ndi yakale, inabwera mu 1996 nthawi ya Windows 95, ndipo ukalamba wakewo ndi umene umaithandiza chifukwa pafupifupi chilichonse chokhala ndi kabowo ka USB chimaidziwa, ma DVD akale aja, masabufa, wailesi za m'galimoto ndi m'minibasi, madikoda, PlayStation 3, zonsezi FAT32 zimailandira. Koma ili ndi chilema chimodzi chachikulu, fayilo imodzi singapose 4 GB. Olo disiki ikhale ya 1 TB yopanda kanthu, mukafuna kukoperamo vidiyo ya 6 GB kompyuta ikuuzani kuti fayiloyi yakula kwambiri, anthu nkumadabwa kuti malo onsewa yakula bwanji. Kwa ife ojambula maukwati ili ndi vuto la tsiku ndi tsiku, ukwati wakwathu kuno kuyambira ku tchalitchi, zithunzi ku gadeni, mpaka perekaniperekani yense ku holo, ndi maola angapo, ndipo ukajambula mooneka bwino 4 GB imadutsidwa kalekale. Ndikadziwa kuti kasitomala ali ndi chipangizo chakale ndimangoidula vidiyo mzigawo, ku tchalitchi payokha, ku holo gawo loyamba, gawo lachiwiri, chilichonse chosafika 4 GB, ndipo anthu amakondanso choncho poti safunika kuthamangitsa maola awiri kuti apeze pomwe azakhali awo ankavina.

Palinso kena ka FAT32 komwe kamasokoneza ngakhale odziwa kompyuta. Windows mukatsegula kabokosi kake kofomatira, disiki ikaposa 32 GB dzina la FAT32 silionekanso pa zosankha, mumangoona NTFS ndi exFAT. Sikuti FAT32 singakwane pa disiki yaikulu, imafika mpaka 2 TB, ndi malire chabe omwe a Microsoft anaika mu kabokosiko. Pali timapulogalamu taulere tomwe timagwira ntchitoyi, monga Rufus kapena guiformat, ndipo pa Mac mu Disk Utility amaitchula kuti MS-DOS FAT.

NTFS ndi ya Windows yeniyeni, inayamba mu 1993, ndipo ma eksitenolo ambiri a Seagate, WD ndi Toshiba akhala akubwera ali kale mu NTFS kuchokera kufakitale, ngakhale ena masiku ano akumabwera mu exFAT. Ilibe vuto la 4 GB, ndipo chomwe ine ndimaikondera ndi choti imapirira magetsi akathima mwadzidzidzi, chifukwa imalemba kaye penapake zomwe ikufuna kusintha isanasinthe, nde ikadzuka imatha kudzikonza. Kwathu kuno komwe magetsi amapita osatsanzika chimenechi sichinthu chaching'ono. Ma TV ambiri a masiku ano amaiwerenga, mabuku a ma TV ambiri a LG amachita kulemba kuti gwiritsani ntchito FAT32 kapena NTFS. Koma PlayStation 4 siiwerenga, zipangizo zambiri zakale siziidziwa, ndipo Mac imangoiwerenga osatha kulembamo pokhapokha muikemo pulogalamu ina.

exFAT inabwera mu 2006, anaipangira maflashi ndi mamemori khadi, nchifukwa chake makhadi oposa 32 GB a mu kamera amabwera ali mu exFAT. Malire a 4 GB ilibe, Windows ndi Mac onse amalemba ndi kuwerenga, PlayStation 4 imailandira. Pakamwa imamveka ngati ndiye yothetsa zonse koma ma TV akale ndi otchipa ambiri saiona, chifukwa kwa zaka zambiri opanga zipangizo ankayenera kulipira a Microsoft kuti aigwiritse ntchito, mpaka mu 2019 ndi pomwe anatulutsa poyera kapangidwe kake. Komanso ilibe chitetezo chija cha NTFS, mukaizula ili mkati molemba imavulala msanga.

Nde funso loti yabwino ndi iti lilibe yankho limodzi, zitengera chipangizo chili pa balaza panupo. Buku la TV limanena, ndipo ngati linatayika kapena TV munagula ya kaunjika yopanda buku, lembani nambala ya modelo ili pa kapepala kumbuyo pa Google. Koma njira yomwe ndimaikhulupirira kuposa zonse, yosafuna bandulo, ndi iyi: tengani kaflashi kopanda ntchito, olo ka 8 GB, kafomateni mu NTFS, ikanimo kavidiyo kamodzi kakafupi, somekani pa TV. Kenako kafomateninso mu exFAT, yesaninso, kenako FAT32. Mphindi zochepa mwadziwa chomwe TV yanu imadya, eksitenolo yanu yodzadza ndi zithunzi za banja musanaikhudze nkomwe. Bwanji anyamata akumsika osachita chonchi? Kaflashi koyesera kangawadyere ndalama zingati?

Palinso china chobisika pansi pa fomati chomwe chimavutitsa anthu ogula ma disiki akuluakulu, nkhani ya MBR ndi GPT. Awa ndi magawidwe a disiki, kumayambiriro kwenikweni. MBR ndi yakale ndipo imathera pa 2 TB, GPT ndi yatsopano yomwe imanyamula zoposa pamenepo. Ma TV ambiri akale amangodziwa MBR, ndiye munthu akagula ya 4 TB poganiza kuti aikamo mafilimu onse, TV siiona olo ikhale mu NTFS yomwe TV imaidziwa bwino. Nthawi zinanso disiki ndi yaing'ono, ya 500 GB, koma inafomatidwa pa Mac pomwe chosankhidwa kale chimakhala GUID, imeneyo ndi GPT yomweyo, pofunika kusankha Master Boot Record. Pa Windows zimaoneka mu Disk Management. Kusintha zimenezi mwa njira wamba kumafuna kuchotsa zonse zili mkati. Ine kwa amene akugula yoonera pa TV ndimawauza kuti asapose 2 TB, ndipo kunena zoona kugula ziwiri za 1 TB nkwanzeru kuposa imodzi yaikulu, ina yoyenda nayo ina yokhala mu kabati.

Tsopano apa nde pomwe pamandipweteka kwambiri, chifukwa ma disiki ambiri amafomatidwa pa mlandu womwe si wawo. TV yaiona disiki, mafoda akuoneka, maina a mavidiyo akuoneka, koma mukadina ikulemba kuti fayiloyi siingatheke, kapena chithunzi chikuyenda mawu kulibe, kapena mawu alipo sikirini yakuda. Akonzi, apa disiki ilibe vuto lililonse ndipo fomati yake ili bwino, umboni wake ndi womwewo woti TV yawerenga maina. Vuto ndi mmene vidiyoyo inapanikizidwira. Dzina lothera .mp4 kapena .mkv ndi chikuto chabe, mkati mukhoza kukhala H.264 yomwe pafupifupi TV iliyonse imaisewera, kapena H.265, ena amati HEVC, yomwe ma TV akale saitha. Ma iPhone kuyambira 2017 amajambula mu HEVC ngati simunasinthe mu ma setingi, mafoni ena ambiri atsopano chimodzimodzi, nde mavidiyo omwe achibale akutumiza kuchokera ku Joni kapena ku UK amasewera bwino pa foni koma pa pulazima yakale amakana. Mawunso ali ndi zawo, ma TV a Samsung kuyambira a 2018 anasiya kusewera mawu a DTS, filimu imayenda ngati ya osalankhula. Mankhwala ake ndi kuisintha vidiyoyo pa kompyuta, pali pulogalamu yaulere yotchedwa HandBrake, mumasankha MP4, chithunzi H.264, mawu AAC, nkuisiya igwire ntchito. Imatenga nthawi ndithu pa laputopu yofooka koma palibe chomwe chatayika. Kapena mungolumikiza laputopu ku TV ndi chingwe cha HDMI nkuonera pa pulogalamu ya VLC yomwe imasewera pafupifupi chilichonse.

Chimodzimodzi kavayirasi kotchuka kaja komwe kamasandutsa mafoda kukhala ma shotikati, komwe timakatenga posomeka maflashi m'makompyuta a aliyense kumsika ndi m'malo osindikizira mapepala. Anthu akaona mafoda asowa amati basi zapita, fomatani. Sizinapite, kamangowabisa. Onani pa Properties muona kuti malo akadali odzadza. Munthu wodziwa amachotsa vayirasiyo nkulemba pa kompyuta lamulo lotchedwa attrib kuti zobisika zionekenso, ntchito ya mphindi zochepa.

Ndichenjezenso za uthenga umene umatuluka wokha. Ma TV ena ndi madikoda ojambula mapulogalamu, mukangosomeka disiki amafunsa ngati mukufuna kuikonza kuti izijambulira, ma Android TV amafunsa ngati mukufuna ikhale mbali ya malo osungira a TV yo. Uthenga uli mchingerezi, rimoti ili m'manja mwa mwana, wadina OK kuti chichoke pa sikirini. Ikatero TV imafufuta zonse nkuika kalembedwe kakekake, kawirikawiri kotsekedwa koti kompyuta singawerengenso, ngakhale TV ina ya mtundu womwewo. Windows nayonso pena mukasomeka imalemba kuti disikiyi ikufunika kufomatidwa musanaigwiritse ntchito. Chonde dinani Cancel. Nthawi zambiri zimatanthauza kuti kaundula uja wavulala chifukwa inazulidwa ikugwira ntchito kapena magetsi anathima, koma mafayilo akadalimo ndipo akhoza kupulumutsidwa.

Kwa amene zawachitikira kale, mwayi ulipo ngati muchita changu ndi kusaikamo kanthu kena kalikonse, olo nyimbo imodzi. Kufomata kwachangu komwe ambiri amachita, kuja pamakhala pochongedwa kale kuti Quick Format, sikupukuta mafayilo enieniwo, amakhala ali pomwepo mpaka china chitalembedwa pamwamba pake. Mapulogalamu ngati Recuva ndi PhotoRec amatha kuwatola, ngakhale maina ndi mafoda nthawi zambiri amasokonekera, ndipo zotoledwazo muziika pa disiki ina osati yomweyo. Tsoka lake ndi loti kumsika akangofomata pompo amathiramo mafilimu ndi nyimbo mpaka kudzadza, apo nde amakhala akwirira zenizeni. Mayi aja ndanena poyamba zinawathera choncho, tinangotola zithunzi zochepa, zina zodukaduka. Ndipo ngati anachotsa kuchonga kuja nkufomata kwathunthu, kuyambira pa Windows Vista kumeneko kumalemba ma ziro pa disiki yonse, sipatsala chotola.

Ngati mwayesa zonse ndipo mwatsimikiza kuti fomati ndiyo ikuyenera kusintha, palibe choletsa, fomatani, koma mwadongosolo. Koperani zonse pa kompyuta kapena pa disiki ina, ndipo musangokhulupirira kuti kamzere kobiriwira koonetsa kukopera kafika kumapeto, tsegulani mavidiyo angapo ndi zithunzi muone kuti zikutseguka, yerekezani kuchuluka kwa mafayilo uku ndi uku. Zulani ma flashi ena onse pa kompyuta kuti musafomate yolakwika, onetsetsani kawiri chilembo chomwe kompyuta yaipatsa disikiyo ndi kukula kwake. Mukamaliza ikanimo vidiyo imodzi yokha mukayese pa TV musanataye maola kubwezera zonse. Kwa ochoka ku FAT32 kupita ku NTFS Windows ili ndi lamulo la convert lomwe limasintha osafufuta kanthu, koma kubwerera silibwerera, ndipo olo pamenepo ine sindingayambe ndisanakopere pena chifukwa magetsi akathima pakati zimaonongeka. Musadabwenso mukaona ya 1 TB ikuonetsa 931 GB, sanakubereni, ndi kawerengedwe kosiyana pakati pa opanga ndi Windows, kufomata sikungabweze ma GB amenewo.

Pempho langa likupita kwa anthu atatu. Anzanga ojambula, tiziwafunsa makasitomala kuti kunyumba aonera pa chani tisanawapatse ntchito yawo, tiziwapatsa MP4 ya H.264 yoti isewere paliponse, ndipo tizisunga kope yathu kwa miyezi ingapo nkuwauza tsiku lomwe tidzaifufute. Ogulitsa ma TV ndi madikoda m'mashopu a ku Limbe, ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi konse, muziwauza ogula kuti chipangizochi chimawerenga fomati yanji, olo kungolemba ndi cholembera pa lisiti, poti ambiri mwa ma TV otchipawa amabwera ndi kabuku ka masamba awiri kosanena kanthu. Ndipo achimwene anga obena nyimbo, musanadine fomati mufunseni mwini wake kuti muli chani umu ndipo muli nazo pena, muuzeni mchichewa chomveka kuti zonse zifufutika, chifukwa ambiri akamavomera amaganiza kuti kufomata ndi kutsuka mavayirasi chabe. Ngati alibe posungira mukopereni pa laputopu yanu kaye nkumulipiritsa kangachepe pa ntchito imeneyo, ndikhulupirira palibe angakane kulipira atamva chomwe chikanatayika.

Inunso Akonzi, mutatipatsako kakona kakang'ono mu nyuzi yanu kofotokoza zinthu zoterezi mchiyankhulo chathu mungathandize anthu ambiri, chifukwa mauthenga onse otuluka pa TV ndi pa kompyuta ali mchingerezi ndipo anthu akudina OK osadziwa chomwe avomera. Ine ndili wokonzeka kuyankha mafunso a owerenga pa nkhani ya mavidiyo ndi ma disiki ngati mungawalandire nkunditumizira.

Ndine wanu,
Wojambula maukwati,
Zomba